Patenti zisatseke khomo la insulini

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo kudzera m'nyuzipepala yanu pa nkhani ya umwini wa luso lopangira insulini, mankhwala amene mwana wanga wamkazi amabayidwa kanayi pa tsiku kuyambira ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Iye amadwala shuga wa mtundu woyamba, amene amayamba kapamba akasiya kupanga insulini, ndipo munthu wotere akakhala masiku ochepa osabaya jakisoni amayamba kusanza, kupuma mobanika, kenako kukomoka. Ena amaona nkhani ya patenti, chikalata chopatsa wotulukira luso ufulu woligwiritsa ntchito yekha kwa zaka zingapo, ngati ya maloya ndi makampani okha, koma ine imandikhudza m'mawa uliwonse pamene ndikweza kabotolo kake pa kuwala kuti ndione ngati mankhwala otsalawo atifikitse kumapeto kwa mwezi.

Insulini anaitulukira ku yunivesite ya Toronto, m'dziko la Canada, mu 1921, pamene Frederick Banting ndi Charles Best ankachita kafukufuku pa agalu moyang'aniridwa ndi John Macleod, ndipo James Collip ndiye anayeretsa mankhwalawo mpaka kufika poti munthu angabayidwe. Mu January 1922 mnyamata wina, Leonard Thompson, amene anali atatheratu thupi, anakhala woyamba kulandira jakisoniyo ndipo anatsitsimuka. Mu 1923 Banting, Best ndi Collip anapereka patenti yawo ku yunivesiteyo pa mtengo wa dola imodzi aliyense. Iwo anatenga patentiyo pofuna kuti wina asalembetse lusolo m'dzina lake ndi kulitsekera, komanso kuti asapezeke opanga insulini yosayenera. Patenti ija inali ngati mpanda woteteza chitsime kuti aliyense atungepo madzi abwino.

Sindikunena kuti patenti ndi yoipa, ndipo ndingakhale wosayamika nditatero. Insulini yoyamba inkachokera ku kapamba wa ng'ombe ndi nkhumba, inkatha mphamvu msanga, ndipo ena inkawatupitsa pamalo obayapo. Ku Denmark, Hans Christian Hagedorn anapeza mu 1936 kuti kuisakaniza ndi puloteni yotchedwa protamine kumachititsa kuti igwire ntchito nthawi yaitali. Mu 1978 akatswiri a kampani ya Genentech anachititsa tizilombo ta bakiteriya kupanga insulini yofanana ndi ya munthu, ndipo mu 1982 inayamba kugulitsidwa ndi kampani ya Eli Lilly m'dzina la Humulin. Kenaka kunabwera mitundu yatsopano ya insulini: lispro mu 1996, imene imagwira ntchito mwachangu pa nthawi ya chakudya, ndi glargine mu 2000, imene imakhala m'thupi pafupifupi tsiku lonse. Mwana wanga atayamba kulandira ya tsiku lonseyi ndinasiya kudzuka pakati pa usiku kukamugwira pamphumi kuti ndimve ngati watuluka thukuta lozizira la shuga wotsika. Amene anagwira ntchito imeneyi anayenera kupindula, ndipo zaka 20 zimene malamulo a zamalonda a dziko lonse amapereka kwa mwini patenti ndi malipiro okwanira.

Chimene chimandipweteka ndi zimene zimachitika zaka 20 zija zikamatha. Kampani imasintha pang'ono zosakaniza m'mankhwala, kapena kuchuluka kwa mphamvu yake, kapena kachipangizo kobayira kooneka ngati cholembera kaja, n'kulembetsa patenti yatsopano pa chilichonse cha izi. Mankhwala enieniwo amakhala omasuka pa pepala, koma wina akafuna kuwapanga amapeza kuti kabatani kodinira, kagudumu kowerengera mlingo ndi kasipuling'i ka m'kati zonse zili ndi mwini wake, ndipo milandu ya kukhoti imamuchedwetsa zaka zingapo. Kodi kukonza chivindikiro n'kofanana ndi kutulukira mankhwala? Lero makampani atatu okha, Eli Lilly, Novo Nordisk ndi Sanofi, ndiwo agwira msika wa insulini woposa magawo 90 pa 100 alionse pa dziko lonse, ndipo pamene ogulitsa ali ochepa chotero mtengo sutsika wokha.

Ndivomereze kuti patenti si vuto lokhalo. Insulini ya mtundu wa Humulin inatha patenti kalekale, komabe opanga ake sanachuluke monga zinakhalira ndi metformin, mapiritsi a shuga wa mtundu wachiwiri. Insulini imapangidwa ndi zamoyo, bakiteriya kapena yisiti, m'matanki ofunika ukhondo waukulu, ndipo wopanga watsopano ayenera kusonyeza umboni wodula wakuti yake ikufanana ndi yoyamba ija. N'chifukwa chake ndinakondwera pamene bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linayamba mu 2019 kuyesa ndi kuvomereza insulini ya opanga ena, ndiponso pamene mu 2021 dziko la America linavomereza glargine yopangidwa ndi kampani ya Biocon ya ku India kuti ikhoza kuperekedwa m'malo mwa Lantus, glargine ya kampani ya Sanofi. M'chaka chomwecho WHO inaika insulini zokhalitsa m'thupi pa mndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri. Izi zikusonyeza kuti ena angathe kupanga akapatsidwa mpata.

Pempho langa likupita kwa amene amalembetsa patenti ndi kwa opanga malamulo. Asamavomereze patenti yatsopano pa kusintha kumene sikupindulira wodwala mooneka, ndipo patenti ya chobayira isamagwiritsidwe ntchito kutsekereza mankhwala amene nthawi yake ya umwini inatha. Mabungwe ovomereza mankhwala azilandira umboni umene anzawo odalirika aunika kale m'malo moyambitsanso kuyesa konse, ndipo maboma pogula azipereka mpata kwa opanga atsopano amene akwaniritsa muyeso. Ndikupemphanso kuti insulini ya m'mabotolo, yotsika mtengo ija, isasiyidwe kupangidwa chifukwa chakuti phindu lalikulu lili pa zobayira zatsopano, pakuti pali makolo ambiri amene, botolo likayamba kuchepa, amachepetsa mlingo wa mwana kuti lifike tsiku lopezanso lina, ndipo ine ndinachitapo zimenezi kamodzi, manja akunjenjemera.

Ine wanu,
Mayi wa mwana wodwala shuga