Remington 870 kapena Mossberg 500?

Akonzi,

Ndiloleni ndiponyepo mawu pa mkangano uja woti yabwino ndi iti pakati pa mfuti ziwirizi, zomwe ndi mashotigani opopa. Anzanga ambiri amafera Remington 870 yomwe inatuluka mu 1950, eti poti thupi lake ndi lachitsulo ndipo ukamakoka imangoti tsetsereru, zoona ndithu koma kulemera kwakeko, ukayenda nayo tsiku lonse phewa limachita kudandaula. Ine ndiye ndi wa Mossberg 500 basi, thupi la aluminiyamu lopepuka komanso sefute yake (kabatani koletsa mfuti kuwomba mwangozi) ili pamwamba pomwe chala chachikulu chimafika, ife amanzere zimatikomera, pomwe ya Remington ili kuseri kwa tiriga moti umachita kupotoza dzanja. Zoti aluminiyamu imatha msanga musamvere, boloti yake (kachitsulo kotsekera chipolopolo powombera) imakolera pa mpope wachitsulo.

Ine wanu,
Mlenje wamanzere