Lipoti la Msonkhano wa Magulu Owerenga Mabuku: Nkhani Zamatsenga ndi Zasayansi

A Wapampando, a Mlembi ndi mamembala nonse,

Munandituma kuti ndikakuimireni ku msonkhano wa magulu owerenga mabuku, womwe unakambirana za nkhani zopeka, zamatsenga ndi zasayansi zomwe. Ntchito zimene munandipatsa zinali ziwiri: kukanena buku limene ife timalikonda ndi zifukwa zake, komanso kubwerako ndi maganizo a mabuku oti tiwerengere limodzi chaka chikubwerachi. Yoyambayo ndagwira. Yachiwiriyo ikudikira inu kuti muvomereze kapena mukane.

Dongosolo lake linali lotere: nthumwi iliyonse itchule buku limodzi, ilikhalire kumbuyo, kenako ena alipezere zifukwa. Ine ndinanyamula The Lord of the Rings la J. R. R. Tolkien monga tinapanganirana, ndipo ndinakapeza kuti magulu enanso abwera ndi lomwelo, moti wotsogolera zokambirana anangotiika pamodzi. Anzathuwo anatsindika za kuzama kwa dziko la Tolkien. Mkuluyu ankaphunzitsa Chingelezi chakale ku Oxford, ndipo zinenero za anthu a m'nkhani yake anayamba kuzipanga nkhaniyo isanakhalepo. N'chifukwa chake bwinja lililonse limene apaulendo aja adutsa limakhala ndi dzina, nyimbo ndi mbiri yake. Otsutsa sanachedwe. Anati chiyambi chake chimayenda mwaulesi, akazi ndi owerengeka, ndipo mtundu wonse wa ma orc, zilombo zonga anthu zomenyera nkhondo mdani, ndi woipa chibadwire, popanda ndi mmodzi yemwe woti n'kumumvera chisoni. Mfundo yomalizayi ndi yolemera, ndipo ndikupempha kuti nafenso tidzaikambirane. Chimene ndinanena ine ndi chija tinagwirizana kuno, chakuti mphamvu ya bukuli ili pa mphete ija yamatsenga, imene iyenera kukaonongedwa m'moto wa m'phiri. Palibe angaigwiritse ntchito pochita zabwino, wamatsenga wabwino Gandalf yemwe akuikana, ndipo Frodo, wonyamula mpheteyo, atafika pamoto penipeni akulephera kuiponya. Akubwerera kwawo wopanda chala chimodzi, mtimanso wosapola. Bukuli linatuluka mu 1954 ndi 1955, ndipo likanathera pa chikondwerero chokhachokha sindikhulupirira kuti bwenzi tikulikanganirabe lero.

Nkhani imeneyi, ya zimene munthu amataya chifukwa cha chodabwitsa chimene wachikhudza, inadzalamulira msonkhano wonse popanda wina kuikonzeratu. Mabuku amene anapirira mafunso ndi amene zodabwitsa zake zili ndi malamulo omanga anthu a m'nkhanimo. Amene ankangotamandidwa chifukwa cha kukula kwa maufumu ndi kuchuluka kwa zombo za m'mlengalenga ankatha mpweya msanga.

Foundation ya Isaac Asimov, ya 1951, inagwera pomwepo. Ganizo lake ndi lalikulu ndithu: katswiri wa masamu, Hari Seldon, waoneratu kuti ufumu wa nyenyezi zonse ugwa, ndipo akukonza njira yoti mdima wa zaka 30,000 ufupike kufika pa zaka 1,000. Koma wotsogolera atafunsa kuti ndani m'bukuli amene owerenga anamudera nkhawa, m'chipindamo munangoti zii. Tinapitirira.

Pa Dune ndi pamene tinakhalitsa. Bukuli analemba ndi Frank Herbert, linatuluka mu 1965, ndipo nthumwi imene inalibweretsa inatikumbutsa kuti makampani ambiri osindikiza analikana mpaka linakatengedwa ndi Chilton, kampani yodziwika ndi mabuku a kakonzedwe ka magalimoto. Sanataye nthawi ndi nyongolotsi zikuluzikulu za mumchenga zija, zimene aliyense amayambira. Anangokamba za madzi. Pa dziko la Arrakis mvula sigwa, choncho anthu a m'chipululu, otchedwa Fremen, amavala zovala zotunga thukuta ndi mkodzo n'kuziyeretsa kuti munthu amwenso. Munthu akamwalira, madzi a m'thupi mwake ndi a fuko lonse. Anatiwerengera malo aja pamene mtsogoleri wa a Fremen akulavulira patebulo pamaso pa mfumu yachilendo, asilikali n'kudzambatuka kuti amulange chifukwa cha chipongwe, koma wina wodziwa mwambo wawo n'kuwaletsa: munthuyu wapereka madzi a m'thupi mwake, ulemu woposa pamenepo kulibe. Ndiponso Paul, mwana wa mfumu yachilendo ija, akulira pa maliro a munthu amene wamupha yekha pomenyana, anthu akuzizwa kuti mnyamatayu akutayira wakufa madzi. Kusowa kwa chinthu chimodzi kwapanga chipembedzo, malamulo, ndale ngakhale kaliridwe ka maliro. Ine pamenepa ndinagonja, ngakhale mukudziwa kuti bukuli limanditopetsa ndi mawu ake achilendo ofuna kutsegula kumapeto mobwerezabwereza.

Otsutsa anabwera ndi mfundo yodziwika, yakuti iyi ndi nkhani ina ya mwana wa mfumu wochokera kunja amene akudzapulumutsa eni dziko ngati iwo sangathe. Oikira kumbuyo anayankha kuti Herbert ankachenjeza za atsogoleri otere, ndipo Dune Messiah ya 1969 ikuonetsa imfa zosawerengeka zimene Paul wadzetsa. Mkangano sunathe. Maganizo anga ndi akuti chenjezolo m'buku loyamba lilimo, koma ndi lotsika mawu kwambiri, moti wowerenga wosatsegula lachiwiri angatseke loyambalo akuombera Paul m'manja.

The Three-Body Problem ya Liu Cixin inatchulidwa mwachidule. Inamasuliridwa m'Chingelezi ndi Ken Liu mu 2014, ndipo mu 2015 inakhala buku loyamba lomasuliridwa kupambana mphoto ya buku lalitali ya Hugo, yoperekedwa pa nkhani zasayansi ndi zamatsenga. Ambiri anavomereza kuti gawo lake lamphamvu ndi loyambirira, pamene mtsikana akuona bambo ake, mphunzitsi wa sayansi, akumenyedwa mpaka kufa pa nthawi ya chipwirikiti cha ndale ku China m'zaka za m'ma 1960. Zimene mtsikanayu adzachitire dziko lonse lapansi zikuchokera pa tsiku limenelo.

Buku limene ndikufuna mulimvetsetse ndi A Wizard of Earthsea la Ursula K. Le Guin, la 1968. Analibweretsa ndi mayi wina wachikulire amene sanakweze mawu ndi pang'ono pomwe. M'dziko la zilumba limeneli chinthu chilichonse chili ndi dzina lake lenileni, ndipo wodziwa dzinalo ali ndi mphamvu pa chinthucho. Koma ukabweretsa mvula pa chilumba chako, mwina wabweretsa chilala pa chilumba china. Mayiyu anasankha kachigawo kakang'ono. Mnyamata Ged akuyenda ndi mphunzitsi wake Ogion, munthu woti anakhazikapo pansi chivomerezi, ndiye mvula yayamba. Amatsenga ena onse a kumeneko amakankhira mtambo kumbali ndi mawu ochepa chabe. Ogion akungolowa pansi pa mtengo n'kugona, mvula n'kumagwa pamene yafuna, Ged ali pambali wanyowa ndipo wakwiya, akudzifunsa phindu lokhala ndi mphamvu zomwe suzigwiritsa ntchito. Yankho akulipeza mowawa. Pofuna kudzionetsera pamaso pa mnzake wa kusukulu, akuitana mzimu wa munthu wakufa, ndipo pamodzi ndi mzimuwo pakutuluka chithunzithunzi chopanda dzina chimene chikumung'amba nkhope n'kuyamba kumusaka. Mathero sindiulula. Ndingoti mdani wa m'bukuli sali ndi ufumu kapena gulu la nkhondo, ndipo palibe nthumwi imene inapeza poligwira. Wina anangodandaula kuti akazi a m'bukuli sapatsidwa ulemu, zimene Le Guin mwiniwake anadzabwererako mu Tehanu ya 1990. Zinanenedwanso kuti Ged ndi wakhungu lofiirira, mnzake Vetch ndi wakuda, koma kwa zaka zambiri ojambula zikuto ankamuyeretsa Ged.

Panabwera ganizo loti magulu azisunga mindandanda iwiri, wa zamatsenga pawokha ndi wa zasayansi pawokha. Linagwa chifukwa cha Kindred ya Octavia Butler, ya 1979. Dana, mayi wachikuda wa ku California wa mu 1976, amangozindikira wakokedwera ku munda wa akapolo ku Maryland kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, nthawi iliyonse imene mnyamata wachizungu, Rufus, ali pafupi kufa. Mulibe makina oyendera m'nthawi, mulibenso wamatsenga, ndipo palibe akufotokoza mmene zikuchitikira. Rufus ndi kholo lake la Dana, ndiye ayenera kumupulumutsa mobwereza, akumuona akukula n'kusanduka mwini akapolo wankhanza, apo ayi mzere wa banja lake sudzakhalapo. Tsamba loyamba lenilenilo likutiuza kuti wabwerako wopanda mkono. Ndiye bukuli tiliike mndandanda uti? Wina anawonjezera mabuku atatu a N. K. Jemisin oyamba ndi The Fifth Season, amene anapambana Hugo zaka zitatu zotsatizana, 2016, 2017 ndi 2018, momwe mphamvu zonga matsenga ndi sayansi ya zivomerezi zalukana. Amene anabweretsa ganizolo analichotsa okha.

Msonkhano unagwirizana zinthu ziwiri. Sipakhala mndandanda wa buku loposa onse, poti zimenezo zimangokometsa mkangano osathandiza wofuna chowerenga. Komanso gulu lililonse liwerenge buku limodzi lobwera ndi gulu lina, n'kulemba ndemanga ya tsamba limodzi yotumiza kwa amene analibweretsa. Ine ndinati yankho lathu lidzachoka kwa inu.

Maganizo anga ndi awa. Tiyambe ndi A Wizard of Earthsea, ndipo ndemanga yathu ikhale ya bukuli. Ndi lalifupi, limaima palokha, ndipo ngakhale amene amati nkhani zoterezi ndi za ana adzapezamo chokangana nacho. Kindred itsatire. Dune tiigawe m'magawo atatu monga mmene ilili kale, gawo limodzi pa kukumana kulikonse, chifukwa tikaimeza yonse kamodzi ambiri adzabwera asanamalize. Pakatsala mpata pali Binti ya Nnedi Okorafor, ya 2015, nkhani yaifupi ya mtsikana wa Chihimba, mtundu wa anthu a ku Namibia, wothawa kwawo kupita ku yunivesite ya pa dziko lina, yomwe munthu angaimalize madzulo amodzi.

Chimene chikufuna chigamulo chanu mwamsanga ndi Kindred. Muli kukwapula, kugwirira ndi kugulitsa ana, zolembedwa mosabisa. Tili ndi mamembala achichepere, choncho a Wapampando aike nkhaniyi pa ndondomeko ya msonkhano wathu wotsatira, tione ngati tiwerenge tonse kapena achicheperewo apatsidwe Binti pa nthawi imeneyo. A Mlembi ndiwapatsa mayina a mabuku ena onse amene anatchulidwa kuti akhale m'kaundula wa gulu.

Ine nthumwi yanu.