Tisaiwale alangizi a zaumoyo kunyanja kuno

Akonzi,

Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 utatigwera kuno ku Mangochi, amene anatigwira dzanja anali alangizi a zaumoyo. Ankapalasa njinga dzuwa likuswa mtengo, kugawa klorini m'madoko a asodzi ndi kuphunzitsa amayi kasungunulidwe ka Thanzi ORS. Pa Covid-19 analinso omwewa, nthawi zina zodzitetezera zili zoperewera.

Dzinja layandikira. Ndikupempha boma ndi khonsolo kuti klorini, sopo, magulovesi ndi madiripi zifikiretu m'zipatala zing'onozing'ono, makamaka cha ku Makanjira kumene msewu umavuta mvula ikagwa. Mafumu athu nawonso atitsogolere kukumba zimbudzi m'madoko, chifukwa ana akumwabe madzi a m'nyanja pomwe tikuchapira.

Wokhudzidwa,
Monkey Bay, Mangochi