Lipoti la msonkhano wa makomiti a eni mafulati

Moni nonse eni mafulati anzanga. Munandituma ku msonkhano uja wa makomiti oyendetsa nyumba za mafulati, nde ndati ndilembe pagulupu pano zomwe ndatengako kuti amene simudzapezeka tikamadzakumana musamve za m'maluwa. Ndi zazitaliko pang'ono koma chonde werengani mpaka kumapeto, pali zinthu zofunika tivote.

Anayamba ndi nkhani yomwe timakangana tsiku ndi tsiku ija, chako ndi chiti, cha tonse ndi chiti. Chako ndi mkati mwa fulati yako basi. Denga, maziko, masitepe, makonde, lifiti, mapaipi akuluakulu odutsa m'makoma, thanki ya madzi, malo omwe nyumbayi yakhalapo, zonsezi ndi za tonse, ndipo aliyense ali ndi gawo lake lomwe sangaligulitse palokha. Ukagula fulati walowa kale m'bungwe la eni ake, palibe fomu yolowera komanso palibe khomo lotulukira kupatula kugulitsa fulatiyo. Nde zija ena amanena zoti ine ndimakhala pansi, za denga ndi lifiti sizindikhudza, pepani abale anga, malamulo a nyumba zotere sayenda choncho. Denga likamadontha madzi amatsika ndi khoma mpaka akupezeni pansipo.

Kagawidwe ka ndalama zosonkha nthawi zambiri kamatengera kukula kwa fulati. Mwachitsanzo mafulati onse pamodzi akakhala ma sikweya mita 1,200 ndipo yanu ndi ya 60, gawo lanu ndi 5 pa 100 aliwonse a bajeti ya chaka, mumaligawa pa miyezi 12. Malo ena amagawana mofanana, zimatengera chikalata chomwe chinakhazikitsa bungwelo, nde ife tiyenera kutenga chathu nkuchiwerenga bwinobwino, ambirife tinangosayina osawerenga.

Za ulamuliro sindichedwapo. Mphamvu zili ndi msonkhano waukulu wa pachaka wa eni onse, ndi umene umavomereza bajeti, kulandira lipoti la odita ndi kusankha komiti, monga tcheya, mlembi ndi msungichuma. Komiti ikhoza kulemba ntchito manijala kapena kampani yotolera ndalama ndi kuyitana amisiri, koma manijalayo ndi wantchito wathu, amamvera komiti, komiti imamvera ife. Alendi amatsata malamulo a panyumba koma voti ndi ya mwini fulati. Zinthu zikuluzikulu monga kusintha malamulo zimafuna mavoti ochuluka, ku South Africa chigamulo chapadera chimafuna 75 pa 100, ndipo kumeneko munthu mmodzi sangavotere anzake osabwera opitilira awiri. Chimenechi ndachikonda chifukwa chimatseka njira ya munthu wobwera ndi mulu wa makalata a anthu omwe sanabwere nkupanga yekha chiganizo cha nyumba yonse.

Tsopano nkhani yomwe inatenga nthawi yaitali, ndipo ine ndiyo ndabwera nayo pamtima. Bungwe loyenda bwino limakhala ndi matumba awiri a ndalama. Loyamba ndi la tsiku ndi tsiku, alonda, okonza pamalo, magetsi a m'makonde, madzi, inshuwalansi ya nyumba yonse, kukonza tinthu tating'ono. Lachiwiri ndi losungira zinthu zikuluzikulu zomwe tikudziwa kale kuti zidzatha, denga, penti ya kunja, pampu, lifiti, mapaipi. Ife tili ndi loyamba lokha, ndipo chaka chilichonse timawombera m'manja msungichuma akati zosonkha sizikwera. Abale, denga lija likukalamba kaya ife tasonkha kaya ayi, tsiku lidzafika mmisiri adzatipatsa bilu yonse kamodzi, ndipo thumba likakhala lopanda kanthu chotsala ndi chopereka chapadera chomwe aliyense amauzidwa kuti alipire mwadzidzidzi, kapena ngongole ya kubanki ya chiwongola dzanja. Amene amavutika kwambiri pamenepo ndi agogo athu a penshoni omwe timati tikuwateteza posakweza zosonkha.

Anatipatsa chitsanzo cha nyumba ya mafulati yotchedwa Champlain Towers South ku Surfside, ku Florida m'dziko la America, ndipo muholo monse munangoti zii. Inali nyumba ya nsanjika 12, mafulati 136, yomangidwa mu 1981. Mu 2018 injiniya anayendera nkulemba lipoti kuti konkire ya pansi pa bwalo la dziwe losambira yawonongeka kwambiri, madzi amangokhala pamenepo osatsetsereka, amalowa mpaka ku galaji yapansi, zipilala zili ndi ming'alu, zitsulo zikuwonekera zitachita dzimbiri. Ntchito yokonza inayerekezedwa pa madola pafupifupi 9 miliyoni. Kenako mikangano, misonkhano, ena a m'komiti kutula pansi udindo, mpaka mu 2021 komiti inavomereza chopereka chapadera cha madola 15 miliyoni, fulati yaing'ono imayenera kulipira pafupifupi madola 80,000, yaikulu kupitilira 300,000. Pa 24 June 2021 usiku anthu ali mtulo mbali ya nyumbayo inagwa, anthu 98 anamwalira. Ofufuza a boma la America apezanso zolakwika pa mapulani ndi kamangidwe ka bwalo lija, nde sikuti nkhani yonse ndi ya ndalama ayi, koma lipoti linalipo zaka pafupifupi zitatu ndipo ntchito yaikulu ya konkire inali isanayambe.

Zitachitika izi, mu 2022 Florida inakhazikitsa lamulo loti nyumba za mafulati za nsanjika 3 kupita mmwamba ziziyenderedwa ndi akatswiri zikakwana zaka 30, komanso kuti eni ake asamavotenso zolumpha kusunga ndalama za zinthu zogwira nyumba monga denga, maziko ndi makoma onyamula katundu. Kale ankaloledwa kuvota kuti chaka chino tisasunge, ndipo mukudziwa kale mmene voti yotere imathera munthu aliyense akayang'ana m'thumba mwake.

Njira ya ku South Africa ndiyo ndikuona kuti tikhoza kutengerako mosavuta. Lamulo lawo la Sectional Titles Schemes Management Act la 2011, lomwe linayamba kugwira ntchito mu October 2016, limakakamiza bungwe lililonse kukhala ndi matumba awiri aja komanso pulani ya zaka 10 yolemba chinthu chachikulu chilichonse, chatsala ndi zaka zingati, chidzadya zingati. Thumba losungira likakhala ndi ndalama zosakwana 25 pa 100 ya zomwe anasonkha chaka chatha m'thumba la tsiku ndi tsiku, ayenera kuyikamo zosachepera 15 pa 100 ya zosonkha za chaka chatsopano. Masamu ake ndi osavuta, tenga mtengo wa denga latsopano, chotsapo zomwe wasunga kale, gawa ndi zaka zomwe zatsala, ndiye ya chaka chino imeneyo. Ife lamulo limenelo silitimanga koma palibe chotiletsa kulemba zofanana m'malamulo athu.

Nkhani ya osalipira inabweranso, ndipo panali phokoso ndithu. Wina akapanda kulipira mlonda sadikira, ndiye kuti ena tonse tikumulipilira. Makomiti omwe zikuwayendera anati chinsinsi ndi ndondomeko yolembedwa yofanana kwa aliyense kaya ndi tcheya amene, kalata yokumbutsa, chiwongola dzanja, mpata wolipira pang'onopang'ono kwa amene wabwera yekha kudzafotokoza vuto lake, kenako loya. Ku South Africa fulati siingasinthe dzina la mwini ngongole ya kubungwe isanakonzedwe, ndipo m'madera ambiri a ku America bungwe limatha kuyika chikole pa fulatiyo. Anatichenjeza kuti zodula munthu madzi kapena magetsi patokha tisayerekeze tisanafunse loya, makomiti ena zawagwetsa m'milandu. Ine ndikuwonjezerapo kuti zolemba mayina a angongole pagulupu pano tisiye, zimangobala chidani ndalama osabwera.

Koma anthu salipira mosangalala ngati sakuona komwe ndalama zikupita, apa a komiti mundimve bwino, sindikuloza munthu chala. Akaunti ikhale m'dzina la bungwe, osayina akhale awiri, sitetimenti ya kubanki izituluka kwa tonse, ntchito yaikulu ikhale ndi makoteshoni atatu, ndipo wa m'komiti amene m'bale wake akufuna kontilakitiyo anene poyera nkutuluka pa nthawi yovota.

Nde zomwe ndikupempha kuti zilowe pa ajenda ndi izi. Titsegule akaunti yachiwiri ya thumba losungira, yosakhudzidwa ndi zamagetsi kapena malipiro a alonda. Tiyitane injiniya ayendere denga, makoma ndi mapaipi atilembere pulani ya zaka 10, lipoti lakelo aliyense alandire kope osati lingokhala mufayilo ya mlembi. Tivomereze kuti zosonkha zikwera pang'ono kuyambira bajeti ikubwerayi, kuchuluka kwake tidzagwirizane titaona manambala a injiniya. A mlembi, mapepala omwe anatigawira kumsonkhano ndikupatsirani mawa kuti muwajambule muponye pano, ndipo amene muli ndi chikalata chokhazikitsira bungwe lathu chonde mubwere nacho.