Kwa eni sitolo ya mafoni ku Limbe: tabuleti munandigulitsa ilibe GPS

Bwana, ndabwera kusitolo kwanu kawiri, ndaimba foni, ndalemba pa WhatsApp, koma kuli zii. N'chifukwa chake ndalemba pano poyera, mwina mundimva.

Ndikuphunzira kuyendetsa ndege zing'onozing'ono, ndipo tsiku limene ndinabwera ndinafotokoza bwinobwino kuti ndikufuna iPad yoonerapo mapu ndili m'mwamba. Ndinafunsa katatu konse ngati ili ndi GPS, kachipangizo kodziwira malo kudzera pa masetilaiti. Mnyamata wanu anatsegula mapu, kadontho kabuluu kanatulukira pa Limbe pomwepo, iye n'kunena kuti, "Si iyi akulu, ikudziwa pamene tili." Ndinalipira.

Chimene sanandiuze n'chakuti iPad ya Wi-Fi yokha ilibe GPS m'kati mwake. Imangoyerekeza malo potengera ma Wi-Fi apafupi, ndiye m'tauni imaoneka ngati yolongosoka. Yokhala ndi GPS ndi ija yolowa simu, ndipo GPS yakeyo imagwira ngakhale simuyo musanaikemo. Munthu wogulitsa zinthuzi tsiku ndi tsiku sangalephere kudziwa zimenezi.

Loweruka lapitali tinanyamuka pa Chileka ndi aphunzitsi anga pa ndege ya Cessna 172, kulowera cha ku Mulanje. Mukudziwa mmene kumakhalira mu Okutobala, utsi wa moto wa m'tchire uli tolo, mapiri osaoneka bwino. Tisanataye ndi phiri la Michiru lomwe, kadontho kaja kanaima. Tabuleti ili pantchafu, ndege ikupita, iyo ikuumirira kuti tikadali pabwalo. Manja anga ananyowa ndi thukuta. Aphunzitsi anangotambasula mapu apepala, n'kundiuza kuti ndiyang'ane kampasi ndi wotchi monga anandiphunzitsira, ndipo tinabwerako bwino. Koma kutsogolo kwathu kunali phiri limene nsonga yake, Sapitwa, ndi yotalika mamita 3,002. Ndikanakhala ndekha, n'kukhulupirira kadontho kaja kwa mphindi zochepa chabe, sindifuna n'komwe kuganiza.

Lolemba ndinabwera nayo, inu n'kundiyankha kuti simulandira katundu amene bokosi lake latsegulidwa. Analitsegula ndani? Si mnyamata wanu yemweyo, pakauntala panu, ndi lumo lake?

Sindikufuna mkangano, bwana. Ndisinthireni ndi yolowa simu, ndalama yotsalayo ndiwonjezera, apo ayi mundibwezere zanga. Lisiti ndili nalo, tabuleti ilibe ndi kachipsera komwe. Likafika Lachisanu musanandiyankhe, nkhaniyi ndikaitula ku CFTC, bungwe la boma loteteza ogula.