Kodi ndinalakwa kugawa nambala yanga pa phunziro la kudulira marozi?

Azakhali,

Kunja kuli pafupi kucha koma tulo sindinatione. Nkhani yake ndi ya marozi. Musaseke, marozi omwewo ndiwo amandidyetsa.

Ndili ndi kanazale kuno ku Zomba. A gulu lathu la okonda maluwa, lomwe limakumana kamodzi pamwezi, anandipempha mu Julaye kuti ndiwaonetse kaduliridwe kake. Anachita kundipempha, sindinadzitume. Nditamaliza ndinagawa timapepala ta nambala yanga ndi mitengo ya mbande. Amayi apampando anaimirira anthu onse akuona n'kunena kuti pano si pamsika. Lero mayi wina akufalitsa zoti ndinaphunzitsa dala zopotoka kuti maluwa awonongeke, anthu adzagule kwa ine.

Tamvani zimene ndinaphunzitsa, muweruze nokha. Rozi wachitsamba timamudulira m'nyengo yozizira, cha mu Julaye, pamene wachepetsa kukula. Choyamba kuchotsa ndi nthambi zouma, zodwala, zopingasana pakati, ndi zonse zowonda kuposa pensulo. Mumasiya nthambi zolimba zitatu mpaka zisanu, n'kuzifupikitsa cha m'mabondo, masentimita 50 kapena 60. Podula yang'anani diso, kaja kotupa pomwe pamatuluka mphukira, loloza kunja kwa chitsamba, mudule mamilimita 5 pamwamba pake, mopendeketsa kuti madzi asatsikire padisopo. Mukadula patali kwambiri mumasiya kachitsa komwe kamada n'kumauma motsika. Mukadula pafupi kwambiri diso limafa. Mukasankha diso loloza mkati, mphukira zimathithikana pakati, mpweya sudutsa, ndipo mvula ikabwera masamba amadzaza madontho akuda n'kuyoyoka. Pamene mwadulapo m'kati mwa nthambi muzioneka moyera; mukaona mwa bulauni tsikani pang'ono, mudulenso.

Ndinanenanso za chida. Chikwanje ayi, chimang'amba khungwa. Pamafunika sizasi yodulira mitengo yakuthwa, ndipo muziipukuta ndi spiriti pochoka pa chitsamba china kupita pa china. Mphukira yotuluka pansi pa mfundo yomezanitsa si rozi wanu, ndi tsinde lakutchire lomwe anamezapo. Imeneyo fukulani dothi, muithothole pomwe yayambira, chifukwa mukangoidula pamwamba zimabwera ziwiri. Masamba otsala apululeni, muwaotche. Kenako manyowa owolerana, osagunda tsinde, ndi ndowa ya madzi ya malita 10 pa chitsamba chilichonse kawiri pa sabata poti kunja n'kouma. Udzu wophimbira nawonso usakhudze tsinde, chiswe chingapeze njira.

Mwapezamo bodza pamenepa?

Vuto la mayi uja ndalidziwa. Rozi wawo ndi woyanga, wa mtundu wa Banksia, uja wa timaluwa ting'onoting'ono tachikasu, wopanda minga kwenikweni. Ameneyo amachita maluwa kamodzi pachaka, pa nthambi zakale, ndiye amaduliridwa akamaliza maluwa, osati mu Julaye. Iwo anakamumweta mpaka m'mabondo ngati rozi wachitsamba wa mtundu wa Iceberg. Maluwa a chaka chino anapita ndi nthambi zomwe anatayazo. Sanafe, akuphuka bwinobwino, angofunika kumusiya. Chabwino, ndivomere, za oyanga sindinazitchule tsiku lija. Koma nthawi anandipatsa yochepa, theka lake linathera pa kuwerenga za msonkhano wapita ndi kukangana za ndalama ya tiyi, ndipo palibe anandiuza kuti ali ndi woyanga.

Chikundiwawa kwambiri si mayiyo ayi, ndi mawu aja akuti pamsika. M'gulu momwemo muli wina amabweretsa uchi wogulitsa mwezi ndi mwezi, wina mazira, amaika pa tebulo la pakhomo penipeni, palibe amayankhula. Ine ndinalipira ndekha thiransipoti, ndinanyamula zitsamba ziwiri zam'machubu zophunzitsira, manja anatha ndi minga, ngakhale zikomo sanandipatse. Kunyumba kuli zina zomwe sindingalembe munyuzipepala, zomwe zinandichititsa kuti ndisindikize timapepalato. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, Azakhali. Mwina ndikanayamba ndapempha kwa apampando. Mwinanso ndikanadikira kuti wofuna andifunse yekha panja. Koma lamulo loletsa silinalembedwe paliponse, ndipo zaka zonsezi ndapereka nzeru zaulere osatchula n'komwe za nazale.

Chiyambire nkhaniyi anthu awiri omwe ankagula kwa ine asiya. Tikakumana mumsewu amangokweza dzanja.

Ndiye ndithandizeni. Munthu ukaphunzitsa chinthu chomwenso umagulitsa, malire ake ali pati? Kutchula nazale n'kulakwa, kapena cholakwika chinali mapepala? Ndikapepese kwa apampando, pomwe iwo ndiwo anandichititsa manyazi pagulu? Nanga mayi wa Banksia, ndipite ndikawaonetse nthambi zoti azimangirira kuti chaka chamawa adzaone maluwa, kapena adzati ndabweranso ndi malonda? Ndikawapatsa mbande yaulere, si ndiye kuti ndavomera mlandu? Msonkhano wina uli Loweruka likubwerali, ndipo sindikudziwa ngati ndipiteko.

Ine wothedwa nzeru,
Zomba