Mapu a pafoni amadziwa msewu, sadziwa maenje ake

A Mkonzi,

Tipatseniko danga tinenepo za mapu a pafoni, amene madalaivala ambiri muno mu Blantyre ayamba kuwamvera ngati mfumu.

Anthu amasakaniza zinthu ziwiri: kadontho kosonyeza malo ndi mapu enieniwo. Kadontho kabuluu kosonyeza pamene muli kamachokera ku masetilaiti a GPS, amene ali makilomita pafupifupi 20,200 m'mwamba. Foni imafuna masetilaiti osachepera 4, ndipo poyera imaphonya ndi mamita ngati 5 basi. Zimenezi sizidya bandulo. Kadonthoka kamangobalalika pakati pa nyumba zosanja za mu Victoria Avenue, kapena foni mukaiponya m'munsi mwa giya. Iikeni pafupi ndi galasi lakutsogolo kuti ione kumwamba.

Vuto lenileni lili pa mapuwo. Misewu yambiri ya m'makwalala inajambulidwa poyang'ana zithunzi za m'mwamba, ndipo chithunzi chimangoonetsa mzere. Sichinena kuti apa ndi chikweza cha miyala yokhayokha, kapena kuti pakati padutsa chingalande. Ku Ndirande, ku Bangwe ngakhale ku Chilobwe, njira ya oyenda pansi ndi akabaza imaoneka ngati msewu, ndiye foni poona kuti ndi yachidule imakulowetsani momwemo. Galimoto yotsika ngati Mira ikhula mimba pamwala, potembenukira palibe, mutuluka chafutambuyo ana akukuwa. Namondwe wa Freddy m'mwezi wa Marichi 2023 anakokolola misewu ndi timilatho m'munsi mwa phiri la Soche, koma mzere wa pamapu suchoka wokha mpaka wina atanena.

Mitundu ija, yofiira ndi yobiriwira, yosonyeza kuchuluka kwa magalimoto pamsewu, imachokera ku mafoni a anthu amene ali pamsewupo. Mu Masauko Chipembere Highway, kuchokera ku Limbe kudutsa pa Ginnery Corner, mafoni ndi ochuluka, choncho mukhoza kuikhulupirira. Kumisewu ya kumbali mafoni ndi ochepa, nthawi yofikira n'kungoyerekeza. M'dzinja muzionjezapo nokha.

Musanalize galimoto, onani kuti mwasankha chizindikiro cha galimoto, osati cha munthu woyenda pansi. Tsegulani chithunzi cha setilaiti, mukuze makilomita 2 omalizira, poti m'mene mumabisala zoopsa ndi momwemo: phula limaoneka lakuda, dothi lofiirira. Amene mukupita kwawo asakuuzeni dzina la dera lokha; aime pageti atumize lokeshoni pa WhatsApp, kenako muwafunse kuti magalimoto amalowera mbali iti. Dzinalonso muziliwerenga mpaka kumapeto, Limbe iliko ina ku Cameroon, Blantyre ina ku Scotland.

Amene mukutsikira ku Chikwawa pa Thabwa, kapena kupita ku Mulanje kudzera ku Midima, sungani mapu a dera lonse mufoni muli pa Wi-Fi. Netiweki ikathawa adzakulondolerani ndithu, kungoti za kuchuluka kwa magalimoto sadzakuuzani. Chaja ya m'galimoto isasowe, GPS ndi sikirini yoyaka zimamwa batire, ndipo foni ikapsa ndi dzuwa padashibodi imazima yokha.

Mukapeza msewu wotsekedwa kapena mlatho wogwa, nenani. Google Maps ili ndi polembera zolakwika, ndipo pa OpenStreetMap, mapu ena a pa intaneti, aliyense wolembetsa akhoza kukonza mzerewo yekha. Khonsolo ya mzinda nayo tikuipempha ichulukitse zikwangwani za mayina a misewu, kuti dzina limene foni ikutchula dalaivala azilionanso pamphambano.

Madalaivala a matakisi,
Limbe, Blantyre